Kulowetsa laibulale mu kompyuta: ntchito imayambira pa shelefu

Aliyense amene anabwerekapo buku pa laibulale ya sukulu kapena ya mpingo kuno ku Chilomoni akumudziwa kaundula wachikuto cholimba amene amakhala patebulo la pakhomo. M'menemo mumalembedwa dzina la wobwereka, mutu wa buku, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Kaundulayu watithandiza zaka zambiri, koma pali mafunso amene sayankha msanga. Mwana wa Fomu 4 akayenda wapansi kuchokera ku Sigerege kudzafunsa buku la Biology, woyang'anira amadzuka kukaliyang'ana pa shelefu, ndipo akapanda kulipeza amayamba kufufuza masamba a kaundula chobwerera m'mbuyo kuti aone analitenga ndani. Cholinga cholowetsera laibulale mu kompyuta n'chakuti mwanayo auzidwe nthawi yomweyo ngati bukulo lilipo, ngati lili kwa wina, komanso tsiku limene libwere.

Nkhaniyi ikafika pa msonkhano wa komiti ya sukulu kapena ya mpingo, maganizo a anthu amathamangira kogula makina. Ine ndimaumirira kuti makina abwere pambuyo. Kompyuta imangobweza zimene mwaipatsa, ndipo laibulale imene sikudziwa kuti ili ndi mabuku angati ilibe choipatsa.

Kuno kwathu njirayi ena anaidutsa kale. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, nthawi imene buku lililonse linkalembedwa pa kakhadi kosungidwa m'madirowa. Mu 2003 malaibulale a dziko lino anapanga mgwirizano wotchedwa MALICO kuti azithandizana pa nkhani za intaneti ndi mabuku a pa kompyuta. Mu 2008 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inali m'gulu la malaibulale ochepa a m'maiko osiyanasiyana amene anayesa mapulogalamu aulere oyendetsera laibulale mothandizidwa ndi bungwe la eIFL, ndipo iyo inatenga pulogalamu ya Koha. Pa yunivesite yomweyo amaphunzitsanso ntchito ya laibulale. Choncho komiti ya ku Chilomoni isavutike yokha ngati palibe wofunsa. Anthu odziwa ntchitoyi alipo m'dziko muno, ngakhale mu Blantyre momwemu.

Choyamba ndi kugwirizana kuti mwini ntchitoyi ndani. Pasukulu, mphunzitsi wamkulu, komiti yoyendetsa sukulu ndi woyang'anira mabuku akhale pansi alembe pa pepala limodzi zimene akufuna: kodi ndi kungodziwa mabuku amene alipo, kapena ndi kubwereketsa komwe? Kodi owerenga azifufuza okha pa kompyuta ya m'laibulalemo, kapena ngakhale pa foni ali kunyumba? Yankho lililonse lili ndi mtengo wake. Woyang'anira mabuku asamangouzidwa zimene akuluakulu agamula kale, chifukwa ndiye adzatsale ndi makinawo alendo onse atapita. Ngati ndalama zake n'zaboma kapena zosonkha makolo, komiti itenge makotesheni kwa ogulitsa angapo, isunge malisiti, ndipo iwerenge ndalamazo poyera pa msonkhano wa makolo.

Kenaka pamabwera ntchito ya fumbi. Buku lililonse litsitsidwe pa shelefu, lipukutidwe, lionedwe. Apa mpamene mumapeza mabuku odyedwa ndi chiswe, ena othothoka masamba, ena a silabasi imene inasiyidwa kalekale, ndi makatoni a mabuku a mphatso ochokera kunja amene palibe anawatsegulapo. Komiti ilimbe mtima posankha zochotsa, chifukwa kulemba mu kompyuta buku limene palibe adzaliwerenge n'kutaya nthawi. Koma pa mabuku a Chichewa akale dzanja lisafulumire. Ambiri mwa iwo sasindikizidwanso, ndipo kope long'ambika chikuto limene lili m'manja mwanu mwina ndi lokhalo m'dera lonselo. Limeneli n'lofunika kulimata ndi kulisunga.

Mabuku otsalawo apatsidwe manambala awiri. Yoyamba ndi nambala ya kope, yosiyana pa buku lililonse, kotero kuti makope khumi a buku limodzi la Masamu akhale ndi manambala khumi. Yachiwiri ndi yosonyeza malo ake pa shelefu. Malaibulale ambiri a sukulu amatsata ndondomeko ya Dewey, imene Melvil Dewey anaisindikiza mu 1876, yogawa nzeru zonse m'magulu khumi: zachipembedzo zili pa 200, sayansi pa 500, zolembalemba pa 800. Nkhani ndi ndakatulo za m'zilankhulo za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, zimagwa pa 896, pamene mbiri ya Malawi ili pa 968.97.

Posankha pulogalamu, ambiri amayang'ana Koha. Inapangidwa ku New Zealand mu 1999 chifukwa cha laibulale ina ya m'boma la Horowhenua, ndipo dzina lake m'chilankhulo cha Amaori limatanthauza mphatso. Siigulidwa, ndipo m'kati mwake muli zonse: mndandanda wa mabuku, kaundula wa mamembala, kubwereketsa, ndi malipoti. Komabe mawu oti yaulere asatinyenge. Pamafunika munthu wodziwa kuiika pa kompyuta ya Linux, kuikonza ikavuta ndi kuisintha ikatuluka yatsopano. Funso lofunika kumufunsa aliyense wobwera ndi pulogalamu, yogula kapena yaulere, ndi ili: tikadzafuna kusamukira ku ina, kodi zimene talembazo tidzatha kuzitulutsa? Pulogalamu yabwino imasunga mbiri ya mabuku mu kalembedwe ka MARC, kamene kanayambira ku Library of Congress ku America m'zaka za m'ma 1960 ndipo malaibulale a dziko lonse amakamva. Laibulale yaing'ono imene ilibe ndalama ikhoza kuyamba ndi Excel, bola buku lililonse likhale pa mzere wake ndipo dzina la wolemba, mutu, chaka ndi manambala aja zikhale m'mizati yosiyana. Mndandanda wotere umasamutsika.

Kulemba mabukuwo ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo kumatenga nthawi kuposa mmene anthu amaganizira. Tiyerekeze kuti muli ndi mabuku 3,000 ndipo munthu mmodzi akulemba 40 pa tsiku. Amenewo ndi masiku 75 a ntchito, kuposa miyezi itatu. Mabuku ochokera kunja ndi opepukirako, chifukwa ukalemba nambala ya ISBN ya kuchikuto nthawi zambiri mbiri yake imapezeka kale pa intaneti, iwe n'kungoikoka ndi kuikonza. Mabuku athu ambiri sapezeka choncho, makamaka akale amene alibe n'komwe ISBN. Amenewa amafuna kulembedwa pamanja, mosamala.

Apa pali misampha imene ndi ife tokha tingaidziwe. Mlembi wa buku la Nthondo, Samuel Josia Ntara, dzina lake limalembedwanso Nthara. Wolemba wina akaika Ntara, mnzake mawa n'kuika Nthara, kompyuta idzawaona ngati anthu awiri, ndipo wofufuza adzapeza theka la mabuku ake. Chimodzimodzi ndi chilankhulo chathu: mabuku ena amati Chinyanja, ena Chichewa, ena Nyanja. Palinso chilembo cha w chokhala ndi kachipewa pamwamba chimene chili m'mabuku ambiri akale, pamene wofufuza pa kompyuta amangolemba w wamba. Olemba agwirizane kalembedwe kamodzi asanayambe, akalembe pa pepala lomata pakhoma, ndipo ayese pulogalamuyo ngati ikupeza buku mwa njira zonse ziwiri. Achinyamata odziwa kutaipa sasowa kuno, poti ena anaphunzira za makompyuta pa sukulu ya John Paul II ku Beehive, m'Chilomoni momwemuno. Koma liwiro la zala si kudziwa ntchito yolemba mndandanda wa mabuku, choncho pakhale munthu mmodzi wodziwa za laibulale woona zimene zalembedwa tsiku lililonse.

Buku likalembedwa limamatidwa barcode, ndipo membala aliyense amapatsidwa khadi. Pa mamembala pafunika kusamala. Laibulale ikhala ikusunga maina a ana, makalasi awo, manambala a foni a makolo, ndi mabuku amene aliyense wawerenga. Mtsikana amene wabwereka buku lonena za umoyo wake sayenera kumva nkhaniyo ikukambidwa pa msika wa Nthukwa. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa motere. Mamembala muwafunse zokhazo zofunika, ndipo wogwira ntchito aliyense akhale ndi password yakeyake.

Za magetsi tonse tikudziwa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuthimathima kunatenga miyezi yambiri. Laputopu, kapena kompyuta yokhala ndi batire ndi sola, imapirira kuposa makina akuluakulu, ndipo ngati owerenga azifufuza m'laibulalemo basi, Koha ikhoza kuyenda popanda intaneti. Kaundula wakale uja asatayidwe. Miyezi yoyamba ayende limodzi ndi kompyuta, ndipo pambuyo pake akhale wa tsiku limene magetsi kulibe, zolembedwamo n'kuzilowetsa akangoyaka.

Pa 18 December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya yunivesite ya Mzuzu ndi mabuku pafupifupi 45,000. Ngozi yotere, kapena wakuba wongonyamula kompyuta usiku, ikhoza kufafaniza ntchito ya miyezi itatu ija. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse zonse za mu kompyuta zikopedwe pa flash ziwiri, imodzi izikagona kunja kwa nyumbayo, kwa wapampando wa komiti kapena ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Kamodzi pa teremu wina ayese kutsegula zokopedwazo kuti aone ngati zikugwira. Anthu odziwa kuyendetsa pulogalamuyo asachepere awiri, poti aphunzitsi amasamutsidwa ndipo achinyamata ongodzipereka amapeza ntchito kwina. Ndipo mu bajeti ya chaka chilichonse mukhale ndalama ya mapepala a barcode, makhadi a mamembala atsopano, batire likatha mphamvu, ndi transipoti ya katswiri wodzakonza.