Flames ikagonja, tiwerenge kaye tisanakuwe: phunziro la ku Oakland

Flames ikamasewera pa bwalo la Bingu nthawi ya 3 koloko masana, kuno ku Fereej Al Murra imakhala ili 4 koloko, ndipo timaunjikana pa foni imodzi, makolo ndi ana omwe. Ikagonja, magulu a WhatsApp amawira. Wina akuti mphunzitsi achoke, wina akuti aitanidwe wakutiwakuti wa ku South Africa, wina akuti onse athamangitsidwe tiyambirenso. Ana athu, amene ena mwa iwo sanapondeko ku Lilongwe, amamvetsera kenako n'kufunsa kuti: "Adadi, nanga n'chifukwa chiyani timangoluza?" Tikawayankha ndi mkwiyo wokhawokha, mawa lake amavula jezi yofiira n'kuvala ya Al Sadd kapena ya Real Madrid, ndipo chingwe china chowalumikiza ndi kwawo chaduka.

Yankho labwinoko lilipo, koma tikalitenga kutali, ku masewero amene ambiri a ife sitinawasewerepo: baseball ya ku America.

Baseball mwachidule

Baseball imafananako ndi kiriketi imene timaona anzathu a ku India, Pakistan ndi Sri Lanka akusewera Lachisanu m'mawa m'malo opanda nyumba muno mu Doha. Mmodzi amaponya mpira, wina amaumenya ndi ndodo n'kuthamanga. Pabwalo pali malo anayi oima otchedwa mabesi, ndipo wosewera akawazungulira onse n'kubwerera pamene anayambira, timu yake yapeza pointi imodzi. Masewero amakhala ndi zigawo 9. Pa chigawo chilichonse timu imamenya mpaka osewera ake atatu atatulutsidwa. Choncho timu ili ndi mipata 27 yokha, ndipo wosewera aliyense akatulutsidwa, mpata umodzi wapita.

Pali lamulo lina lofunika pa nkhani yathuyi. Woponya akaphonya malo oyenera kanayi, womenya uja osayesa kumenya, womenyayo amapita pa besi yoyamba ulere, akuyenda. Palibe amene amaimirira kuombera m'manja munthu woyenda. Koma sanatulutsidwe, ndipo timu yake siinataye mpata.

Zimene Oakland inachita mu 2002

Chaka cha 2001 chitatha, timu ya Oakland Athletics inataya akatswiri atatu nthawi imodzi. Jason Giambi anapita ku New York Yankees pa mgwirizano wa zaka 7 wa madola 120 miliyoni, Johnny Damon anapita ku Boston Red Sox, ndipo Jason Isringhausen anapita ku St. Louis Cardinals. Oakland inalibe ndalama zowaletsera. Mu 2002 malipiro a osewera ake onse anali pafupifupi madola 40 miliyoni, pamene a Yankees ankaposa 120 miliyoni.

Mkulu wosankha osewera, Billy Beane, ndi womuthandiza wake Paul DePodesta, sanafunefune Giambi wina. Anadzifunsa kuti: chimene chimabweretsa mapointi kwenikweni n'chiyani, nanga ndani ali nacho koma ndi wotchipa? Manambala ankasonyeza kuti chofunika kwambiri ndi kufika pa besi osatulutsidwa, kaya pomenya kaya poyenda. Matimu ena ankalipira ndalama zambiri osewera amaonekedwe abwino, othamanga ndi omenya mochititsa kaso. Munthu woleza mtima, wodziwa kusiya mpira woipa kuti udutse, ankamunyalanyaza.

Mmodzi mwa oterowo anali Scott Hatteberg. Ku Boston ankagwira mpira kumbuyo kwa womenya, koma anavulala chigongono moti sankathanso kuponya bwino. Oakland inamutenga pa malipiro osakwana madola 1 miliyoni, n'kumuphunzitsa kuima pa besi yoyamba, malo amene Giambi anasiya. Chaka chimenecho timuyi inapambana masewero 103 mwa 162, chimodzimodzi ndi Yankees. Inapambananso masewero 20 motsatizana, ndipo amene anamaliza ntchito pa masewero a nambala 20, pa 4 September 2002, anali Hatteberg yemweyo. Nkhaniyi inalembedwa m'buku la Michael Lewis lotchedwa Moneyball mu 2003, ndipo filimu yake inatuluka mu 2011.

Pali zinthu ziwiri zimene okamba nkhaniyi amakonda kulumpha. Choyamba, Oakland siinatenge chikho. Inagonja kwa Minnesota Twins m'ndime yoyamba ya chipulula. Chachiwiri, msana wa timuyi sunali wogula. Oponya mpira Tim Hudson, Mark Mulder ndi Barry Zito anali ana a pakhomo, otengedwa ndi timuyi ali anyamata, chimodzimodzinso Miguel Tejada wa ku Dominican Republic, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yawo chaka chimenecho. Manambala anathandiza kutseka mipata, koma mizati inali yolera okha.

Tiwerenge za kwathu

Timu ya dziko siigula osewera, imangosankha mwa amene ilinawo. Koma funso la Beane likugwira ntchito ndithu: chimene chimatipatsa mapointi n'chiyani?

Tikatchula mpikisano wa AFCON wa ku Cameroon, umene unachitika mu January 2022, tonse timakumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango chochokera kutali pokumana ndi Morocco. Chinali chigoli chokoma, koma masewerowo tinagonja 2-1. Nanga chinatifikitsa m'ndime imeneyo, koyamba m'mbiri yathu, n'chiyani? M'gulu tinagonja 1-0 kwa Guinea, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Mhango, kenako tinalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, imene inadzatenga chikhocho. M'masewero atatu tinamwetsa zigoli ziwiri zokha, komanso tinamwa ziwiri zokha. Mapointi 4 amenewo anatikwanira. Popanda zigoli za Mhango sitikanadutsa, inde, koma popanda goloboyi Charles Thom ndi otchinga kumbuyo amene anatsekera Senegal khomo kwa mphindi 90, zigolizo zikanangokhala zokumbukira basi.

Tsopano onani masewero a mu 2024 olimbirana malo ku AFCON ya ku Morocco. Tinagonja 3-2 kwa Burundi pakhomo, 3-1 kwa Burkina Faso, 4-0 kenako 1-0 kwa Senegal. M'masewero anayi tinamwa zigoli 11, pointi osapezako. Mphunzitsi Patrick Mabedi atachotsedwa, Kalisto Pasuwa anatsogolera masewero awiri otsala: 0-0 ndi Burundi, ndi 3-0 pogonjetsa Burkina Faso. Mapointi onse 4 amene tinapeza anabwera m'masewero amene sitinamwe chigoli. Masewero awiri ndi ochepa, ndipo pa nthawiyo tinali titatuluka kale, choncho tisawadalire mopitirira. Komabe akuloza kumene masewero a ku Cameroon analoza.

Kwa timu ngati yathu, kusamwa chigoli kuli ngati kusatulutsidwa pa baseball. Sikutchuka pa Facebook, koma n'kumene kumasunga masewero amoyo kufikira mwayi umodzi utapezeka.

Tikanakhala osankha

Ndife ochemerera chabe, koma maganizo tili nawo, ndipo ndi atatu.

Choyamba, mndandanda wa osewera uziyambira kumbuyo. Goloboyi, otchinga anayi ndi wapakati woteteza azikhala omwewo kwa nthawi yaitali, chifukwa kutchinga ndi ntchito yodziwana: uyu akatuluka, uyo adziwe potseka osauzidwa. Kusintha anthu atatu kumbuyo nthawi iliyonse tikagonja kuli ngati kusintha aphunzitsi a Sitandade 8 teremu iliyonse n'kumadabwa ana akalephera mayeso.

Chachiwiri, tiziyang'ana mphindi zimene munthu akusewera, osati dziko limene akukhala. Wosewera wa ku Silver Strikers, Mighty Wanderers kapena Nyasa Big Bullets amene akumaliza mphindi 90 sabata iliyonse akhoza kutithandiza kuposa mnzake wa dzina amene wakhala pa benchi kunja miyezi itatu. Ife a kunja tiyenera kuvomereza zimenezi, ngakhale timakondera anzathu okhala kunja.

Chachitatu, a Hatteberg athu afunidwe. Alipo ku Karonga, ku Dedza, ku Mzuzu: wapakati amene sataya mpira, wotchinga amene salandira makadi achisawawa, wakutsogolo amene amathamangitsa adani ngakhale asanamwetse. Anthu otere saoneka pa kanema wa mphindi imodzi. Amaoneka pokhapokha wina atakhala pansi ndi kope, masewero ndi masewero, n'kumalemba. Ntchito imeneyi siifuna mamiliyoni, imafuna khama ndi munthu womvera zimene zalembedwazo.

Chitsanzo cha pafupi

Mbali ya kulera osewera tikuionera pakhomo pomwe. Kuchokera ku Fereej Al Murra si patali kufika ku Aspire Academy, sukulu ya masewero imene inatsegulidwa mu 2004. Félix Sánchez anabwera kudzaphunzitsa ana kumeneko mu 2006. Mu 2014 anatenga chikho cha Asia cha osaposa zaka 19 ali ndi anyamata monga Akram Afif ndi Almoez Ali. Mu 2017 anapatsidwa timu yaikulu, ndipo mu 2019 Qatar inatenga chikho cha Asia pogonjetsa Japan 3-1. Ambiri amakumbukira zigoli 9 za Almoez Ali. Ochepa amakumbukira kuti m'masewero 7 timuyi inamwa chigoli chimodzi chokha.

Ndalama za Qatar tilibe, ndipo ngakhale ndalamazo sizinaletse timuyi kugonja masewero onse atatu pa World Cup ya 2022. Chimene tingatengereko n'chosagula: gulu limodzi la ana, aphunzitsi osasinthasintha, ndi kudikira. Kuchokera pamene Sánchez anafika kufikira chikho cha 2019 panadutsa zaka 13. Ife timafuna zipatso pakatha masewero atatu.

Ntchito ya pakhomo

Flames ikadzaseweranso, mupatseni mwana kope ndi pensulo. Asankhe wosewera mmodzi wa kumbuyo kapena wapakati, osati womwetsa zigoli. Alembe kamzere nthawi iliyonse wosewerayo akapatsira mnzake bwino, kamtanda akataya mpira, ndi kabwalo akalanda mpira kwa mdani. Pomaliza awerengetse: pa mipira 40, ngati 30 yafika kwa mnzake, ndiye kuti ndi magawo angati pa 100? Masamu a kusukulu alowa okha, ndipo mwana wadziwa dzina la wosewera wa kwawo amene sakanamudziwa.

Akatero masewero atatu kapena anayi, tidzakhale naye pansi tiyerekeze kope lakelo ndi zimene tinkakuwa pa WhatsApp. Mwina tidzapeza kuti amene tinkati achotsedwe ndi amene ankanyamula timu. Ndipo akadzafunsanso kuti n'chifukwa chiyani tagonja, yankho tidzaliwerengera limodzi m'kope lake lomwelo.