Kunjenjemera kwa wodwala shuga pakati pa munda wa tiyi

Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi amaphukira mofulumira, ndipo othyola a ku Satemwa, Makandi, Naming'omba ndi minda ina ya m'boma lino amalawirira, dengu lili kumsana, ambiri asanadye kanthu. Pakati pawo pali odwala matenda a shuga amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulini. Dzuwa likakwera, ena manja amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira kutuluka, mtima kugunda mwamphamvu. Anzawo amati ndi kutopa chabe, pamene kawirikawiri ndi shuga amene watsika m'magazi.

Chimene chimayambitsa zizindikirozi ndi adirenalini, madzi amphamvu otuluka mu tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Amatuluka munthu akachita mantha, akakwiya, akamagwira ntchito yolemetsa, komanso shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L. Katswiri wa ku Japan, Jokichi Takamine, ndiye anayamba kuwapatula paokha mu 1901.

Adirenalini amayenda m'magazi monsemonse, koma chiwalo chilichonse chimamva uthenga wake kudzera pa timakomo tolandirira tokhala pa maselo ake. Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku America anaonetsa kuti timakomoti tili m'magulu awiri, alpha ndi beta. Mu kapamba, chiwalo chokhala kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini, timakomo ta alpha-2 tikalandira uthenga, insulini amaleka kutuluka. Tilipo tina ta beta-2 timene timayesa kuonjezera insulini, koma ta alpha-2 ndi timene timapambana. Nthawi yomweyo chiwindi chimatsegula nkhokwe yake ndi kuthira shuga m'magazi. Zimenezi zili ndi chifukwa chake: ntchito ya insulini ndi kuchotsa shuga m'magazi ndi kumusunga, ndipo munthu amene wakumana ndi njoka pakati pa mizere ya tiyi amafuna shugayo pompopompo kuti ubongo ndi miyendo zigwire ntchito.

Kwa wodwala shuga, dongosololi limasokonekera. Insulini wobayidwa m'mawa sangaimitsidwe ndi timakomo ta alpha-2, chifukwa sanachokere mu kapamba. Amapitiriza kutsitsa shuga ngakhale munthuyo sanadye. Chiwindi nacho nkhokwe yake imachepa ngati munthu anagona ndi njala kapena anamwa kachasu usiku. Chotsala ndi chenjezo lokha, kunjenjemera kuja.

Chenjezolo likhoza kuzimitsidwanso. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga propranolol ndi atenolol, amagwira ntchito potseka timakomo ta beta. Mtima umadekha, kunjenjemera kumachepa, makamaka kwa womwa propranolol, ndipo munthu akhoza kufika pobalalika mutu kapena kukomoka asanazindikire. Thukuta lokha ndilo silizimitsidwa, choncho kwa anthu otere thukuta ladzidzidzi si lonyozera. Salbutamol wa mphumu amachita mosiyana: amadzutsa timakomo ta beta-2, ndipo akamwedwa wambiri shuga amakwera. Wodwala amene amalandira mankhwala kuchipatala cha pa esiteti, kenako nkukaonana ndi dokotala ku Thyolo District Hospital kapena ku Malamulo, ayenera kunyamula mankhwala ake onse pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, osasiya kumwa aliwonse asanafunse.

Akapitawo ndi anzake a wodwalayo ndi amene amakhala pafupi zikachitika. Ngati akadali maso ndipo akutha kumeza, amukhazike pansi ndi kumupatsa masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena Sobo, kenako chakudya chokhalitsa m'mimba monga mbatata kapena chinangwa. Ngati wakomoka, asamuthire kanthu m'kamwa chifukwa akhoza kutsamwa. Amugoneke chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala.