KALILOLE WOZINDIKIRA MUNTHU: AKAYAMBA KUVUTA TITANI?

Masiku ano achinyamata athu amene akuphunzira za kompyuta akudzipangira okha zipangizo zodabwitsa. Chimodzi mwa izo ndi kalilole amene, kuwonjezera pa kuonetsa nkhope, amaonetsanso tsiku, nyengo ngakhalenso nthawi za Swala zisanu. Kalilole wotere anatchuka mu 2014 pamene Michael Teeuw wa ku Netherlands anapanga wake n'kumutcha MagicMirror. Pulogalamu yake ndi yaulere kwa aliyense.

Kapangidwe kake nkosavuta kumva. Kutsogolo kuli galasi lapadera lomwe limabweza kuwala kwina n'kulola kwina kudutsa. Kuseri kwake kuli sikirini, ndipo zonse zimayendetsedwa ndi kakompyuta kosaposa chikhatho kotchedwa Raspberry Pi, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 2012. Pofuna kusunga magetsi, ambiri amaikapo kamera kuti sikirini iziyaka munthu akafika, n'kuzima akachoka. Apa mpamene pagona vuto. Nthawi zina imayaka popanda munthu, nthawi zina munthu amaima mpaka kutopa, iyo osayaka.

Kamera siona munthu

Choyamba tidziwe kuti kamera, ndi mapulogalamu ambiri otere, sizidziwa munthu. Pulogalamu imangotenga chithunzi, n'kuchiyerekeza ndi chimene chinajambulidwa kamphindi kapitako. Timadontho tosintha tikachuluka kupyola malire amene munaika, iyo imati pafika munthu. Choncho chimene ikuona ndi kusintha kwa kuwala basi.

Ndiye ngati kalilole akuyaka yekha, musathamangire kuganiza za ziwanda. Onani ngati katani ikugwedezeka ndi mphepo, ngati mtambo waphimba dzuwa, kapena ngati nyali za galimoto zikulowera pawindo. Kwezani malire aja pang'onopang'ono, ndipo uzani pulogalamu kuti isamayang'ane mbali ya windo. Vuto lina ndi sikirini yomweyo. Ikazima, kuwala kumasintha, kamera n'kuyesa munthu, sikirini n'kuyakanso. Mankhwala ake ndi kutchinga m'mbali mwa kamera ndi pepala lakuda, ndi kuuza pulogalamu kuti izidikira timasekondi tingapo sikirini ikangozima.

Akakana kuyaka

Kamera yoikidwa kuseri kwa galasi imalandira kuwala kochepa. Nchifukwa chake masana zimayenda bwino, koma m'bandakucha, bambo akadzuka kufuna kuona nthawi ya Fajr, kalilole amangoti zii. Yesani kamera ili kunja kwa galasi. Ikagwira ntchito, mwalipeza vuto, ndipo iboolereni malo ake pa felemu.

Onaninso magetsi. Raspberry Pi 4 imafuna 5V ndi 3A, ndipo tchaja wamba wa foni kawirikawiri sakwanitsa, kotero kamera imangoduka. Kalamba kolumikizira kamera nakonso kakalowa mopendama kapena chagada, chithunzi sichibwera.

Pomaliza onani zaka za malangizo amene mukutsatira. Mu 2021 Raspberry Pi OS inasintha njira yolankhulira ndi kamera n'kuyamba kugwiritsa ntchito libcamera, ndipo mu 2023 inasinthanso njira yoyendetsera sikirini. Malamulo ena akale oyatsira ndi kuzimitsira sikirini anasiya kugwira ntchito. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kulemba chimene chachitika. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Funso lofunika kwa makolo

Tisanatope ndi kukonza, tidzifunse: kodi kamerayi ikufunikadi m'nyumba mwathu? Kalilole amakhala pamalo pomwe mayi amavula mpango ndiponso ana amasinthira zovala. Kamera yolumikizidwa ku intaneti, ngati mawu achinsinsi ali ofooka, ikhoza kutsegulidwa ndi mlendo ali kutali. Mapulogalamu ena amasunganso zithunzi mwini wake asakudziwa. Qur'an yolemekezeka, mu Sura An-Nur ndime 58, ikutchula nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba ayenera kupempha chilolezo asanalowe: isanakwane Swala ya m'bandakucha, masana popumula, ndi pambuyo pa Swala ya Isha. Ngati mwana wathu weniweni akuyenera kuodira, nanga bwanji diso losaphethira?

Mwamwayi njira ina ilipo, yotsika mtengo. Kachipangizo kotchedwa PIR kamamva kutentha kwa thupi loyenda, ngakhale mumdima, ndipo sikajambula chithunzi. Koma sikamva kudzera pa galasi, choncho kaikeni pansi kapena pamwamba pa felemu, kutali ndi mbaula ndi dzuwa. Kena kotchedwa RCWL-0516 kamagwiritsa ntchito mafunde a wailesi ndipo kamamva kupyola thabwa lopyapyala, kungoti nthawi zina kamamvanso woyenda m'chipinda china.

Makolo, musawagwetse ulesi ana amene ali ndi luso limeneli. Khalani nawo pansi, afotokoze chimene chipangizo chawo chikuona ndi kumene zithunzi zikupita. Ngati kamera ikhalepo, ikhale pabalaza, isasunge zithunzi, ndipo aliyense m'banjamo adziwe. Allah awonjezere ana athu nzeru zopindulitsa, ndipo atisungire ulemu wa makomo athu. Ameen.