KACIROMBO KAMENE KAONDETSA NG'OMBE

Alimi a ku Simonga ndi a midzi ya m'mbali mwa Zambezi, dziwani mdani wa ziweto zanu. David Livingstone, amene anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1855, analemba kuti ng'ombe yolumidwa ndi kashembe ionda nifa. Koma cimene cipha si ululu wa nchencheyo ai. M'caka ca 1895 David Bruce anaonetsa ku Zululand kuti kashembe angosenza kacirombo ka m'magazi, kochedwa Trypanosoma brucei, ka mtundu umodzi ndi kaja kadzetsa kaodzera mwa anthu.

MAMANGIDWE ACE

Kacirombo aka nkocepetsetsa: tiziromboti 40 titandandalikana tingokwana milimita imodzi. Kalibe mafupa, koma pansi pa khungu lace pali timitsitsi ta mphako m'kati, topangidwa ndi puloteni yochedwa tubulin, tondandalikana mothithikana monga nsungwi za nkhokwe. Timeneti ndito tilimbitsa thupi lace kuti lisaphwanyike poyenda m'mitsempha.

Kalinso ndi mcira womatirira m'mbali mwa thupi, ndipo m'kati mwace muli timitsitsi tiwiri-tiwiri m'magulu 9, tozinga tina tiwiri ta pakati. Mcirawo upalasa nukokera kacirombo kutsogolo. Pa tsinde pace pali kathumba, ndipo pokhapo mpamene kacirombo kamezera cakudya, pakuti kwina konse nkhokwe ija njotseka. Pafupi ndi kathumbako pali kanthu kochedwa kinetoplast, kosunga mbali ina ya malangizo a moyo wace.

Kunja kabvala malaya a puloteni. Thupi la ng'ombe likazindikira malayawo ndi kuyamba nkhondo, tizirombo tina tikhala titasintha kale malaya. Ici ndico cifukwa cace kulibe katemera wa nthendayi.

COCITA INU

1. Musadyetse ng'ombe m'nkhalango za kashembe, ndipo cenjerani pogula ng'ombe zocokera ku madera onga cigwa ca Luangwa.

2. Ng'ombe ikayamba kuonda, kufoka ndi kuyera m'zikope, itanani mlangizi wa ziweto msanga kuti apime magazi.

3. Mankhwala a Berenil ndi Samorin aononga kinetoplast ija. Koma muyeso ukaperewera, tizirombo totsala tizolowera mankhwalawo. Musagawire ng'ombe ziwiri muyeso wa imodzi.

Ng'ombe yocira msanga idzakoka khasu mvula ikagwa. Yocedwa nayo idzasiya munda wosalimidwa.