Kodi mumadziwa? Ukatswiri wa dziko lonse unapita ndi pointi imodzi

Mu 2018, Ana Carrasco wa ku Spain anakhala mkazi woyamba kutenga ukatswiri wa dziko lonse pa mpikisano wothamangitsa njinga zamoto zokwera munthu mmodzi pamsewu wa tala. Anali ndi zaka 21, ndipo ankapikisana ndi amuna m'gulu la Supersport 300 atakwera Kawasaki Ninja 400.

Chaka chimenecho anapambana ku Imola, m'dziko la Italy, komanso ku Donington Park, ku England. Koma nkhani inali pa mpikisano womaliza ku Magny-Cours, ku France. Carrasco ananyamukira pa nambala 25, kumbuyo kwenikweni, pomwe mnzake wa ku Spain, Mika Pérez, ankalimbirana malo oyamba. Pérez akanangopambana, chikho chinali chake. Atatsala pang'ono kumaliza, Dani Valle anamupitirira, Pérez n'kukhala wachiwiri. Carrasco, amene anadutsa anzake mmodzimmodzi mpaka kufika pa nambala 13, anamaliza chaka ndi mapointi 93. Pérez anali ndi 92. Ena anganene kuti unali mwayi, koma malo 12 amene Carrasco anakwera tsiku limenelo palibe amene anam'patsa.

Mu 2020 anathyoka mafupa a msana atagwa poyeserera ku Estoril, m'dziko la Portugal. Anachira n'kubwereranso pa njinga. Mu 2024 anapambana mpikisano woyamba wa dziko lonse wa akazi okhaokha, wotchedwa WorldWCR, momwe onse amakwera njinga zofanana za Yamaha R7, atalimbana koopsa ndi María Herrera mpaka tsiku lomaliza ku Jerez.