Za Msangu, Mtengo wa ku Chigwa

Abale okondedwa, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, imani pano pa Nsabwe, nimupenye kunsi ku chigwa cha Shire. Kale kumeneko kunali nkhalango zazikulu za mitengo ya minga, ndiyo msangu ndi mthethe. Koma nkhwangwa ya wootcha makala ndi khasu la wotsegula mphanje zaidya. Wofuna kuona nkhalango yosaonongeka apite ku malo osungidwa monga Lengwe, amene boma linawayesa paki m'chaka cha 1970.

Tamverani tsono za msangu, pakuti makhalidwe ache asiyana ndi a mitengo inzache. Pakugwa mvula uyoyola masamba, chotero chimanga ndi mapira a pansi pache sasowa dzuwa. Masambawo aola, nasanduka chonde. Pofika chilimwe, pamene ina yayoyoka, uwo uphuka, nupatsa ng'ombe mthunzi ndi mbuzi zipatso zache. Mizu yache igwira nthaka ya m'mbali mwa mitsinje.

Mukumbukira namondwe Freddy m'chaka cha 2023, m'mene madzi anasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Gombe lopanda mitengo ligumuka msanga, ndipo munda upita nalo.

Chifukwa chache, inu amene mulima ku chigwa, mukapeza kamsangu komera kokha, musakazule ai. Kachingeni ndi minga kuti mbuzi zingakadye, nimukalambulire moto usanafike. Aphunzitsi, onetsani ana kamtengoka kuti akazindikire kadakali kakang'ono, pakuti iwo ndiwo adzakolola m'munsi mwache.