Zithunzi za ana zomwe zikuutsabe mkangano

Anthu ambiri amaona mwana ngati chizindikiro cha mtima wosalakwa, koma akatswiri ena ojambula zithunzi safuna kumuonetsa ngati mngelo. Mmodzi mwa iwo ndi Sally Mann wa ku America. M'buku lake la 1992, Immediate Family, muli zithunzi za ana ake atatu ali kumudzi ku Virginia: akusewera, atavulala, atakwiya, nthawi zina ali maliseche.

Ena adati uku n'kusonyeza ubwana monga ulili, pomwe ena adati n'kudyera ana masuku pamutu. Mkanganowu udabukanso mu Januwale 2025 apolisi atalanda zina mwa zithunzi zake pachionetsero ku Fort Worth, Texas, ngakhale palibe yemwe adaimbidwa mlandu.

Funso lalikulu ndi la chilolezo: kodi mwana angathe kukana kujambulidwa pamene wojambulayo ndi mayi ake?